Ndinagula Dothi, Mtengo Ayi

Chaka chimene ndinkapuma ntchito ya uphunzitsi, ahedi anandiitanira mu ofesi, n'kundipatsa mpando, n'kuyamba kufunsa za moyo wa adzukulu anga. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani, chifukwa bambo amenewa sankafunsa za moyo wa munthu popanda chomufuna. Nkhani yake inali nyumba. Mphunzitsi wodzalowa m'malo mwanga ankafika mu Januwale, ali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo ankafunika nyumba ya sukulu imene ndinkagonamo. Ananena mwaulemu, akupukuta magalasi awo ndi tayi, koma mfundo inali imodzi: pofika Disembala ndikhale nditasamuka.

Kusamukira kuti? Kwathu ndi ku Mchinji, koma ndinachokako ndili mtsikana. Malo a mayi anga anagawana ana a achemwali anga. Ndikapitako amandilandira bwino, kundiphera nkhuku, kenako tsiku lachitatu n'kundifunsa mwachikondi kuti ndibwerera liti. Amuna anga anatisiya kale. Mwana wanga wamkazi ali ku Blantyre m'nyumba ya lendi imene ngakhale mphaka angadandaule kuchepa. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinauthera ku Neno, poyamba ku Lisungwi kotentha kuja, kenako kuno ku Ligowe kumene mawondo anga anazolowera zitunda. Ndinaganiza zomanga konkuno.

Malo anandipezera mphunzitsi mnzanga, mbadwa ya kuno. Wogulitsa anali bambo wachikulire, mwini mbumba pabanja pawo, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Tinayenda m'malire monse, iwo patsogolo ndi chikwanje, akuloza: kuyambira pamwala apo, kutsika mpaka pachigwembe, kukhota pakhonje, kubwerera. Malowo anali otsetsereka monga alili malo ambiri kuno, koma pakati panali pathyathyathya pokwana nyumba. Pomwepo panali mtengo wa manachesi, utabereka mpaka nthambi kukhudza pansi, poti unali mwezi wa Juni. Ndinathyola awiri n'kusenda pomwepo, bambowo akungondiyang'ana. Tinalemberana kalata, mboni zinasaina, amfumu anadinda, ndalama ndinapereka. Tsiku limenelo ndinabwerera kusukulu ndikuimba nyimbo ya kwaya, ine munthu wosadziwa kuimba.

Julayi ndi Ogasiti anthu anandiumbira njerwa kumunsi kwa malowo, tinamanga uvuni n'kuotcha, ndipo zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda. Mu Sepitembala kunabwera mmisiri, bambo wamfupi wa pensulo kukhutu, amene anamanga nyumba zambiri za malata za kuno. Anakhoma zikhomo, anakoka chingwe, anayeza n'kuyezanso. Kumtunda kunali mwala woti sungauswe, kumunsi chigwembe. Nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde inangokwana ndendende, mtengo uja uli pakati penipeni pa balaza.

“Mawa mubwere ndi nkhwangwa,” ndinatero.

Mmisiri anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, anaibwezera.

“Amadamu, kodi mwini wake mwakamba naye?”

“Mwini wa chiyani?”

“Wa mtengo.”

“Mwini wake ndine. Kalata ili kunyumba.”

“Kalata ija ndi ya malo, eti?”

Ndinaganiza kuti akundiseka, ndipo ine sindimakonda kusekedwa ndi munthu amene ndikumulipira. Ndinamusiya pomwepo ndi chingwe chake n'kulunjika kwa bambo ogulitsa aja. Ndinawapeza akusema mpini wa khasu kuseri kwa nkhokwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo ndinalankhula zambiri.

“Ine ndinakugulitsani dothi, mayi,” anatero. “Mtengo sindikanagulitsa. Si wanga.”

“Nanga ndi wa ndani?”

“Wa mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Anadzala ndi iyeyo.”

“Ndiye muitaneni tikambirane.”

“Ali ku Joni.”

“Muimbireni foni. Mayunitsi ndigula ndine.”

Anapitiriza kusema kwa kanthawi. Kenako anati foni ya mnyamatayo inasiya kugwira kalekale.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire tsiku lija tinkayenda m'malire. Anandiyang'ana modabwa kwenikweni, osati mwachinyengo, n'kunena kuti sindinafunse, komanso ndani sadziwa? Ndinathamangira kwa mphunzitsi mnzanga uja, amene anasaina ngati mboni, ndikuyembekeza kuti akwiya nane limodzi. Nayenso anadabwa kuti ndikudabwa. Anati kuno mtengo wa zipatso ndi wa amene anadzala, dothi lingasinthe manja kangati. Wofuna mtengo amaugula pawokha, kwa mwini wake, pamaso pa mboni zake. Iye ankayesa kuti munthu wokhala ku Neno zaka zonsezi akudziwa. Zoona ndinakhalako zaka zonsezo, koma m'nyumba za boma, mmene mango a pabwalo amadya aliyense amene wadzuka msanga. Mwambi woti safunsa anadya phula ndinauphunzitsa ana a Sitandade 5 chaka ndi chaka, ndi kuwalembetsa tanthauzo lake m'makope.

Mutu wanga unaima. Ndinamupanikiza mnzangayo ndi mafunso ngati ali pa mayeso. Mtengo waima m'dothi langa, ukumwa madzi a m'dothi langa, koma si wanga? Anati eya. Nanga chipatso chikagwa chokha pansi? Anati chimenecho nditha kutola. Nanga mthunzi wake? Anaseka, anati mthunzi palibe amauletsa. Nanga awiri amene ndinathyola tsiku lija, ndinaba? Anati ayi, munthu wodutsa akathyola awiri palibe mlandu. Ndiye kuti pamalo amene ndinali kugula ndi thukuta la moyo wanga wonse, ankandiona ngati munthu wodutsa. Zimenezi zinandipweteka kuposa nkhani ya mtengo.

Mayi ake a mnyamatayo sindinachite kuwafuna. Ndinawapeza okha m'mawa wina atawerama pansi pa mtengo, akupalira ndi kakhasu kakang'ono, mkati mwa chingwe cha mmisiri. Anali mayi ochepa thupi, aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, a maso ofatsa. Anandipatsa moni ndi mawondo, anandiyamikira kuti njerwa zanga zapsa bwino. Ine ndinali nditakonza mawu okalipa, koma munthu akayamba ndi kuyamikira njerwa zako umasowa poyambira.

Tinakhala pansi ndipo anandifotokozera. Mwana wawo anadzala mtengowo ali Sitandade 8, kambande kake anakapempha kwa mnzake, ndipo chilimwe chonse ankakathirira ndi botolo. Atakula anapita ku Joni ndi anzake. Zaka zoyambirira ankaimba foni, anatumizako bulangete ndi wailesi. Kenako zii. Obwerako ena amati anamuona ku Kepi, ena amati anasintha nambala, ena amangoyang'ana pansi. Manachesi anali atapsa kasanu chimvereni mawu ake.

Ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma chisoni sichifolera nyumba. Ndinawauza kuti ndigula mtengowo, anene mtengo wake.

“Ndigulitsa bwanji chinthu cha mwini, amadamu? Akadzabwera ndidzamuuza kuti chiyani?”

“Mudzamupatsa ndalama zake.”

“Adzafunsa mtengo, osati ndalama.”

Pamenepo mtima wanga unandiuza kuti banja lonseli lagwirizana kuti lindikame ngati ng'ombe. Ndinatchula ndalama zambiri, ndikulankhula mokweza kuti amve kuti ndawatulukira. Mayiwo anadzuka, anasasa chitenje, anatola kakhasu kawo.

“Mukafuna kundinyoza mundinyoze ndi mawu,” anatero mofatsa. “Ndalamazo gulirani simenti.”

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Malata anabwera pa lole kuchokera ku Mwanza, simenti inali itaunjikidwa pakona m'nyumba ya sukulu, ndipo ndinkaopa kuti ikamva chinyezi iuma. Mitambo inayamba kusonkhana masana kumapiri. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mvula ikayamba, lole yamchenga sikweranso msewu wathu. Mmisiri anayamba kunena za ntchito ina imene ikumudikira ku Magaleta. Ahedi akandiona ankafunsa mwansangala kuti, “Nyumba ikuyenda?” Ndinapita kwa amfumu, amene anandilandira bwino n'kundiuza kuti kalata yanga ndi yabwinobwino, malo ndi anga, palibe angandilande, komanso mtengo ndi wa mnyamata, palibe angaudule. Ndinawafunsa kuti ndiye ndigone pati. Anati zimenezo n'zofunika kudekha. Ndinatuluka ndikudziwa zochepa kuposa mmene ndinalowera.

Nzeru inachokera kwa mmisiri. Anandiitanira pamalopo madzulo ena dzuwa likadalipo, anzake ataweruka, n'kundionetsa zikhomo zimene anasuntha. Anati tikatsitsa nyumba pang'ono cha kuchigwembe, tikachotsa khonde ndi chipinda chimodzi, khoma lakumbuyo lidutsa phazi limodzi kuchokera pathunthu.

“Mtengo sitiukhudza,” anatero.

“Nanga mizu?”

“Mizu ili m'dothi lanu, amadamu. Dothi munagula.”

Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti maziko a pamalo otsetsereka amafunika kuzama, ndipo mtengo wouma ndi nkhuni, aliyense amadula. Chipinda chachitatu tidzawonjezera pambuyo pake.

Ndikanatha kulemba pano kuti sindinamvetse zimene ankatanthauza. Lingakhale bodza. Ndinamva zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni nkhaniyi mutu wanga unapepuka. Lamulo lawo lomwe lija, loti dothi palokha mtengo pawokha, tsopano linali kumbali yanga. Ndinasangalala ngati mwana amene wapeza yankho la samu imene inamuvuta sabata yonse.

“Kumbani,” ndinatero.

Tsiku lokumba mbali imeneyo ndinalipo. Piki inagunda muzu woyamba, waukulu ngati mkono wanga, ndipo anaumaliza ndi nkhwangwa. M'kati unali woyera, wonyowa. Anadula wachiwiri, wachitatu, ndi timizu tambirimbiri. Ndinatola zidutswa zonse ndekha, ndinaziika m'thumba la simenti, ndinakazitentha kusukulu pophika nyemba. Pomanga, amisiri ankatsukira mafosholo ndi wilibala patsinde pa mtengowo, madzi a simenti n'kumalowa pansi. Ndinkaona, osawaletsa.

Khoma litafika pawindo, mayi aja anabwera kusukulu atasenza dengu la kachewere. Anagwada pakhomo n'kunena kuti amva kuti ndachepetsa nyumba yanga chifukwa cha mtengo wa mwana wawo, ndipo alibe mawu. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinati palibe kanthu, ndife anthu amodzi. Kachewereyo anali wabwino, ndipo ndinadya yense.

Ndinasamuka sabata yachiwiri ya Disembala, mvula ikugwa, katundu ali pa ngolo atafundidwa pepala la pulasitiki. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, yopanda khonde, yosapaka laimu, mawindo ena otseka ndi njerwa. Koma inali yanga. Nditatseka chitseko ndinakhala pa thumba la chimanga n'kulira ndi chimwemwe, mayi wamkulu ngati ine, chifukwa chibadwire ndinali ndisanagonepo pansi pa denga loti palibe angandiuze kuti ndisamuke.

Dzinja lonse mtengo unaoneka bwino, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mmisiri ananama, ndipo sindinkadziwa ngati ndikhumudwe kapena ndithokoze. Mu Juni unabereka pang'ono, timanachesi touma m'kati. Mu Ogasiti masamba a mbali ya khoma anachita chikasu n'kuyamba kuyoyoka. Windo la kuchipinda kwanga limayang'ana komweko, ndiye ndinkauona ndikangodzuka. Mmisiri akadutsa pa njinga ankaliza belu n'kukuwa kuti, “Chipinda chija tiyamba liti?” Ndinkamuyankha ndi dzanja lokha.

Kenako mayi aja anayamba kubwera ndi ndowa. Mjigo wathu uli kumunsi, kutsidya kwa chigwembe, ndipo kukwera ndi madzi pamutu si masewera ngakhale kwa mtsikana. Ankabwera m'mawa uliwonse, nthawi zina kawiri, n'kuthira patsinde pang'onopang'ono kuti madzi asathawe. Anabweretsa manyowa a mbuzi. Anathira phulusa poopa chiswe. Anakatenga alangizi a zaulimi, amene anayang'ana masamba kunsi ndi kumwamba, anakanda khungwa ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu. Mayiwo anayamba kuonda, moni wawo unafupika. Ine ndinkamva ndowa ikugunda pansi kuseri kwa khoma langa. Tsiku lina ndinawathandiza kutula, tsiku lina ndinathirako madzi anga otsukira mbale, ngati kuti mizu ingamerenso chifukwa cha manyazi anga. Sindinkadziwanso chimene ndinkafuna. Ndinkafuna chipinda, ndinkafuna mtengo uchire, ndinkafuna mayiwo asiye kubwera.

M'mawa wina mu Okutobala anabwera opanda ndowa. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma langa, miyendo atatambasula, akuyang'ana nthambi. Masamba obiriwira anali atatsala panthambi imodzi yokha.

“Amadamu, inu munaphunzira,” anatero. “Kodi mtengo ungaume wokha popanda chifukwa?”

“Zimachitika, amayi. Chiswe, matenda.”

“Chiswe ndafufuza, palibe. Alangizi akuti matenda sakuwaona. Madzi ndathira.” Anayang'ananso nthambi zija. “Ndiye kuti ndi iyeyo basi. Kutchalitchi amatiletsa kukhulupirira malodza, ndikudziwa. Koma ine ndine mayi wake. Zaka zonsezi anthu ankanena zonena zawo, ine ndikabwera pano n'kuona mtengo uli wobiriwira, ndinkati ali moyo. Tsopano wandiuza.”

Ndinayang'ana pansi. Iwo anapitiriza.

“Ndawauza alongo anga kuti Loweruka tiitane abale, tilire maliro. Tikatero mtengowu audule, mumange chipinda chanu. Mwapirira nafe mokwanira.” Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. “Ndabwera kudzabwereka mipando yanu, ya azibambo.”

Chimene ndinkafuna chaka chonse chinali chitandipeza chokha pakhomo. Ndikanangoti pepani, n'kutulutsa mipando, nkhani ikanatha bwino, ndipo Loweruka ndikanakhala pakati pa amayi ndikulira nawo. Ndikalankhula, mudzi wonse udziwa kuti mphunzitsi uja, wobwera uja, amene anaphunzitsa ana awo kunena zoona, anapha mtengo wa mwana wosowa uja n'kudyanso kachewere wothokozera. Ndipo ine ndilibe kwina kopita. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, ndipo ndikunena mosabisa kuti miyendo yanga inali itayamba kale kulowera kumene kuli mipando.

Ndinalowadi m'nyumba, koma ndinatuluka ndi khasu. Ndinayamba kukumba m'mbali mwa khoma, pakati pa maziko ndi thunthu. Mayiwo anasuntha miyendo kuti dothi lisawagwere. Dothi linali lofewa ndi madzi awo omwe. Sindinakumbe kwambiri, chitsa cha muzu waukulu uja chinaonekera, chakuda, chodulidwa mosalala.

“Onani, amayi,” ndinatero. “Mizu yonse ya mbali ino inadulidwa pokumba maziko. Ndinalamula ndine. Ndinkadziwa kuti uuma.”

Anakwawa ndi mawondo mpaka padzenjepo. Anapisa dzanja, anasisita podulidwapo ndi zala, anachotsa dothi, anasisitanso.

“Nkhwangwa iyi?”

“Nkhwangwa.”

“Ina ili pati?”

Ndinakumbanso pang'ono n'kuwaonetsa wachiwiri. Ndinaweramitsa mutu kudikira. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa, kulavuliridwa, kukokeredwa kwa amfumu, ndipo ndikanavomera zonse.

Ndinamva akuseka. Poyamba ndinayesa kuti ndi kulira, ndipo misozi inalipodi, koma kunali kuseka, kochokera pansi pa mimba, mapewa akugwedezeka.

“Ndinu!” anatero. “Mayo ine, ndinu basi! Si iyeyo ayi. Ambuye alemekezeke, ndinu!”

Anagwira dzanja langa, lomwe linali ndi khasu, ndi manja awo onse awiri amatope, n'kuligwedeza. Anati zikomo amadamu, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Anadzuka mwachangu ngati mtsikana, anamanga chitenje, anati akawauze alongo awo asanatumize uthenga kwa abale akutali. Atafika pamalire anatembenuka n'kukuwa kuti mipando ija basi, ndisavutike.

Nkhani inafalikira tsiku lomwelo. Kumjigo amayi ankati akandiona, macheza n'kuzima, ndipo zinatero miyezi ingapo. Mmisiri anasiya kuliza belu. Mtengo unauma wonse mvula isanagwe, ndipo ulipobe kuseri kwa nyumba yanga, chifukwa palibe amene wanena kuti udulidwe, ndipo ine sindingayerekeze kufunsa. Mnyamata sanaimbebe. Mayi ake ananenepanso. Tikakumana panjira amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za mawondo anga, ndipo ine mpaka lero sindidziwa poika maso.